CA yoyesera muipange, koma kiyi wake asagone pa seva ya webusaiti

Funso: Tilipo anthu asanu amene tikupanga pulogalamu ya pa webusaiti. Seva yathu yoyesera ili pa netiweki ya mu ofesi, ikuyendera Ubuntu ndi nginx. Ndinapanga satifiketi yodzisainira kuti tikhale ndi HTTPS, koma Chrome ikungotulutsa chenjezo lofiira, Firefox nayonso, ndipo pa foni zinthu zina zikukaniratu. Mnzanga wandiuza kuti ndiike certificate authority (CA) yoyesera pa seva yomweyo. Ndiyambire pati, ndipo pali choopsa chilichonse?

Yankho: Mnzanuyo wakuuzani zoona, koma theka lokha. CA yoyesera ndi imene mukufunikadi. Zoti ikhale pa seva ya webusaiti yomweyo ndiye ndikukana, ndipo ndiyamba ndi chifukwa chake ndisanakupatseni command ngakhale imodzi, poti ndikudziwa kuti munthu akangoona ma command amakopera n'kusiya kuwerenga.

Dzina loti certificate authority limaopsa, ngati kuti ndi chimakina choyenda usana ndi usiku. Si choncho. CA ndi mafayilo awiri basi: kiyi wachinsinsi, ndi satifiketi yonena kuti mwini kiyi ameneyu ali ndi mphamvu yosainira masatifiketi a ena. Muiyerekeze ndi chidindo cha mu ofesi. Chidindo chimatuluka m'kabati, kudinda kalata, n'kubwereranso. Kalata ndi imene imayenda, chidindo chimatsala kokhomedwa.

Browser ikafika pa seva yanu imafunsa zinthu zitatu. Wasaina satifiketiyi ndani, ndipo ndimamudziwa? Dzina lolembedwamo likugwirizana ndi adiresi imene munthu walemba? Masiku ake ayamba, ndipo sanathe? Yanu yodzisainirayo ikugwa pa funso loyamba lomwelo, chifukwa ili ngati munthu wodzilembera yekha kalata yomuchitira umboni. Chrome imati NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID, Firefox imadandaula m'mawu akeake, koma mlandu ndi umodzi. N'zotheka kuuza kompyuta iliyonse kuti ikhulupirire satifiketi imodziyo, koma mawa mukawonjezera seva yachiwiri, kapena masiku akatha, muyendanso pa makompyuta onse asanu ndi mafoni omwe. CA imakuchotserani ntchito imeneyo. Mumaiika kamodzi, ndipo chilichonse chimene yasaina chimalandiridwa.

Pa mawu oti "chilichonse" ndi pamene pagona nkhani. Mukaika CA yanu m'laputopu ya mnzanu, laputopuyo siikhulupirira pa seva yanu yoyesera pokha ayi. Imaikhulupirira pa dzina lililonse la pa intaneti: la banki, la imelo, la malo amene mumasungira code yanu. Munthu amene waba kiyi wa CA, ndipo ali ndi mwayi wokhala pakati pa laputopuyo ndi intaneti, akhoza kudzisainira satifiketi ya dzina lililonse, browser n'kuilandira phee, popanda chenjezo.

Izi zinachitikapo poyera. Mu February 2015 zinadziwika kuti ma laputopu ena a Lenovo ankagulitsidwa ali ndi pulogalamu yotsatsa malonda yotchedwa Superfish, imene inkaika CA yake m'kompyuta, kiyi wachinsinsi ali momwemo, ndipo anali yemweyo pa makina onse. Katswiri wa zachitetezo Robert Graham anatulutsa kiyiyo n'kupeza kuti mawu ake achinsinsi anali komodia, dzina la kampani imene inalemba mbali ina ya pulogalamuyo. Mu November chaka chomwecho Dell inagwa m'dzenje lomweli ndi satifiketi yotchedwa eDellRoot. Onsewa vuto silinali masamu a kubisa uthenga. Linali malo amene kiyi anamusiya.

Tsono taganizirani kuti seva yoyesera ndi makina otani. Ndi amene aliyense m'gulu amadziwa pasiwedi yake, amene ma update amachedwa, amene mumaikapo code yosamalizidwa yodzaza ndi mabowo. Ndinaitanidwapo pa kampani ina imene sinditchula dzina, kuti ndikaone chifukwa chake HTTPS yawo yamkati inkavuta. Ndikutsegula seva, ndinapeza foda yotchedwa certs mkati mwenimweni mwa mafayilo a webusaiti. Anaiika pamenepo ndi cholinga chabwino, kuti wantchito watsopano azingotsitsa ca.crt mosavuta. Pambali pake penipeni panali ca.key, wopanda pasiwedi, aliyense wotsegula adiresiyo akumuona. Ntchito ya ola limodzi inasanduka ya sabata yathunthu, kuyenda pa kompyuta iliyonse kuchotsa CA yakaleyo.

Seva ya webusaiti imafuna mafayilo awiri okha: kiyi wake ndi satifiketi yake. Kiyi wa CA ilibe naye ntchito ngakhale pang'ono. Iye akhale pa laputopu yanu, kapena bwino koposa pa flash imene mumailowetsa tsiku losaina lokha.

Musanayambe, dzifunseni kaye ngati njira yachidule siikukwanirani. Ngati muli ndi domain yeniyeni imene munalembetsa, Let's Encrypt, CA ya poyera imene ma browser amaikhulupirira kale, ikhoza kukupatsani satifiketi yaulere ya masiku 90 ngakhale seva ili mkati mwa ofesi, kudzera mu njira ya DNS-01, imene mumatsimikizira umwini wa dzina poika mawu ena mu DNS, kaundula wolumikiza mayina ndi ma adiresi a makina. Pamenepo palibe choika m'foni ya munthu aliyense. Chokhacho, mayina amene mwapempha amalembedwa m'mabuku a Certificate Transparency amene aliyense akhoza kuwerenga, ndiye dzina la pulojekiti yachinsinsi lisakhalemo. Mayina amkati osalembetsedwa ndiye ma CA a poyera anasiya kuwasainira kuyambira November 2015. Ndipo mukanakhala nokha pa laputopu imodzi ndikanangoti tengani mkcert, kapulogalamu kamene analemba Filippo Valsorda, kamene kamapanga CA n'kuiika m'kompyuta ndi command imodzi. Koma inu mulipo asanu, muli ndi seva yogawana ndi mafoni, ndipo kupanga ndi manja kamodzi kumathandiza kuti zikadzavuta mudziwe poyang'ana.

Sankhani dzina mosamala. Malizani ndi .test, limene linapatulidwa ndi chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 2606 mu 1999 kuti lisadzagulitsidwe kwa munthu. Anthu ambiri kale ankakonda .dev, mpaka Google inalitenga kukhala lake, ndipo mu December 2017 Chrome 63 inayamba kukakamiza HTTPS pa dzina lililonse lothera ndi .dev. Ma seva oyesera ambirimbiri anangosiya kutseguka m'mawa umodzi, popanda ndi batani lolumphira chenjezo lomwe. Nalo .local lipeweni, ndi la mDNS, njira imene makina a pa netiweki imodzi amadziwirana mayina okha, ndipo limakangana ndi mapulogalamu a njirayi monga Bonjour ndi Avahi. M'chitsanzo chino ndigwiritsa ntchito pulogalamu.test, ndipo seva ili pa 192.168.10.20. Pa makompyuta mukhoza kulemba dzinalo mu fayilo ya hosts, koma foni siilola zimenezo, choncho mufunika kulilemba mu DNS ya mu ofesi, kaya pa rauta kaya pa pulogalamu ya dnsmasq.

Tiyeni tipange CA. Izi muchitire pa laputopu yanu, osati pa seva. Pangani foda, muitseke kuti ena asamaiwerenge, kenako lembani fayilo ya ca.cnf motere:

```
[req]
distinguished_name = dn
x509_extensions = v3_ca
prompt = no

[dn]
O = Gulu Loyesera
CN = CA Yoyesera Yoyamba

[v3_ca]
basicConstraints = critical, CA:TRUE, pathlen:0
keyUsage = critical, keyCertSign, cRLSign
subjectKeyIdentifier = hash
nameConstraints = critical, permitted;DNS:test, permitted;IP:192.168.0.0/255.255.0.0
```

Kenako:

```
umask 077
openssl genrsa -aes256 -out ca.key 4096
openssl req -x509 -new -config ca.cnf -key ca.key -sha256 -days 730 -out ca.crt
```

Ikufunsani pasiwedi. Ikani yaitali, ndipo musailembe mu fayilo ya m'foda yomweyo. Malangizo ambiri amati masiku 3650, zaka khumi. Ine pa CA yoyesera sindionapo nzeru. Pulojekiti imatha, anthu amasintha ntchito, ma laputopu amapatsidwa kwa ena, koma CA ya zaka khumi imatsalabe m'menemo ikukhulupiriridwa. Zaka ziwiri n'zokwana.

Mzere wa CA:TRUE ndi umene ukupatsa satifiketiyi mphamvu yosainira. Pathlen:0 ikutanthauza kuti ikhoza kusainira ma seva koma singabereke CA ina pansi pake. Ma CA akuluakulu amakhala ndi CA yapakati kuti kiyi wa pamwamba asamatulukemo m'kabati, koma pa anthu asanu zimenezo n'kudzichulukitsira ntchito.

Mzere womalizawo ndi umene ndikufuna muuyang'anitsitse, chifukwa ambiri amaudumpha. NameConstraints ndi mpanda: ikunena kuti CA imeneyi ili ndi chilolezo chosainira mayina othera ndi .test, ndi ma IP a 192.168 okha. Wina ataba kiyi n'kusainira dzina la banki, pulogalamu yolemekeza mpandawu idzakana. Mbali ya IP musaisiye. Mukangotchinga mayina a DNS okha, ma IP onse a pa dziko lapansi amatsala otseguka, chifukwa mtundu wa dzina umene simunautchule suwerengedwa kuti watchingidwa. Dziwaninso kuti RFC 5280 siikakamiza mapulogalamu kutsata mpanda wolembedwa pa satifiketi ya pamwamba penipeni, choncho si onse amene amautsata. Ndi chitetezo chowonjezera, sichilowa m'malo mwa kusunga kiyi.

Tsopano pitani pa seva. Kiyi wa seva abadwire pomwepo ndipo asachokepo:

```
openssl req -new -newkey rsa:2048 -nodes -keyout seva.key -out seva.csr -subj "/CN=pulogalamu.test"
```

Mawu oti -nodes akutanthauza kuti kiyiyu alibe pasiwedi. N'dala, chifukwa nginx ikamayaka yokha usiku sipakhala munthu woti ailembere. Chomuteteza ndi chilolezo cha fayilo: chmod 600, mwini wake root. Fayilo ya seva.csr ndi kalata yopempha satifiketi (CSR). Mulibe chinsinsi, mukhoza kuitumiza pa njira iliyonse kupita ku laputopu yanu.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Mwalemba CN=pulogalamu.test (CN ndi Common Name, gawo la dzina m'satifiketi), ndiye mukuganiza kuti dzina lalowa. Browser ya masiku ano siiyang'ana n'komwe ku CN. Kuyambira Chrome 58 mu 2017, dzina limawerengedwa mu gawo la subjectAltName (SAN) lokha, ndipo RFC 2818 inali itanena kale mu 2000 kuti CN ndi njira yoyenera kuisiya. Malangizo akale amene sakutchula SAN adzakupatsani satifiketi yooneka bwino imene Chrome idzaikana ndi NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID, uthenga wosocheretsa poti umatchula CN pamene chosowa ndi SAN. Msampha wachiwiri uli pamwamba pa woyambawo: ngakhale mutaika SAN mu CSR, command ya openssl x509 siikopera yokha kupita nayo m'satifiketi. Muyenera kuipereka pa nthawi yosaina. Lembani seva.ext pa laputopu:

```
basicConstraints = critical, CA:FALSE
keyUsage = critical, digitalSignature, keyEncipherment
extendedKeyUsage = serverAuth
subjectKeyIdentifier = hash
authorityKeyIdentifier = keyid
subjectAltName = DNS:pulogalamu.test, DNS:api.pulogalamu.test, IP:192.168.10.20
```

N'kusaina:

```
openssl x509 -req -in seva.csr -CA ca.crt -CAkey ca.key -CAcreateserial -days 365 -sha256 -extfile seva.ext -out seva.crt
```

Dzina lililonse limene munthu angalembe mu browser likhale mu SAN. Wolemba IP amafuna mzere wa IP; kuika manambalawo pambuyo pa DNS sikugwira. Mukafuna nyenyezi, *.pulogalamu.test imaphimba api.pulogalamu.test koma siiphimba pulogalamu.test yopanda kanthu kutsogolo, ndipo siitsika masitepe awiri monga a.api.pulogalamu.test.

Za masiku ndi serverAuth (chizindikiro choti satifiketi ndi ya seva), wokhwimitsa kwambiri ndi Apple. Kuyambira iOS 13 ndi macOS 10.15, satifiketi ya seva yosainidwa pambuyo pa 1 July 2019 iyenera kukhala ndi serverAuth ndipo isapitirire masiku 825, ngakhale itachokera ku CA yanu yam'nyumba. Kiyi wa RSA asachepere 2048, siginecha ikhale ya banja la SHA-2. Malire a masiku 398 amene anayamba mu September 2020, ndi amene bungwe la CA/Browser Forum linagwirizana mu 2025 kuti azitsika mpaka masiku 47 pofika March 2029, ndi a ma CA a poyera, sakukhudzani. Komabe masiku 365 amakusiyani kutali ndi mikangano yonseyi. Mzere wa authorityKeyIdentifier ndauikamo chifukwa Python 3.13 inayamba kufufuza masatifiketi mokhwima, ndipo imakana amene alibe.

Musanaitumize, iwerengeni ndi maso anu:

```
openssl x509 -in seva.crt -noout -text
openssl verify -CAfile ca.crt seva.crt
```

Mukaona mayina anu pansi pa Subject Alternative Name, ndipo verify yati OK, tumizani seva.crt ku seva. Ngati kiyi wa CA ali pa flash, ichotseni.

Mbali ya nginx ndi yaifupi:

```
server {
    listen 443 ssl;
    server_name pulogalamu.test api.pulogalamu.test;
    ssl_certificate     /etc/nginx/tls/seva.crt;
    ssl_certificate_key /etc/nginx/tls/seva.key;
    ssl_protocols TLSv1.2 TLSv1.3;
    root /var/www/pulogalamu;
}
```

Yesani ndi nginx -t, kenako systemctl reload nginx. Ikadandaula kuti key values mismatch, ndiye kuti satifiketi ndi kiyi si a banja limodzi. Kawirikawiri zimachitika munthu akabwereza command yopanga CSR, kiyi watsopano n'kufufuta wakale iye osazindikira. Wogwiritsa ntchito Apache ndi zomwezi, mizere yake ndi SSLEngine on, SSLCertificateFile ndi SSLCertificateKeyFile. Chimodzi chokha: pa seva yoyesera musaike HSTS (lamulo louza browser kuti izilowa pa HTTPS pokha) ya nthawi yaitali. Browser ikangoimva imaisunga, ndipo tsiku limene satifiketi idzavute simudzapeza polumphira chenjezo.

Browser muisiye kaye. Imasunga zakale ndipo imasokoneza. Yambani ndi izi:

```
curl --cacert ca.crt https://pulogalamu.test/
openssl s_client -connect pulogalamu.test:443 -servername pulogalamu.test -CAfile ca.crt
```

Curl ikatulutsa tsamba lanu, ndipo s_client ikasonyeza Verify return code: 0, ndiye kuti seva ili bwino. Chilichonse chovuta kuchokera apa chili kumbali ya makina ofikira pa seva.

Ndipo kumeneko n'kumene kuli ntchito. Paja walira mvula walira matope. Palibe malo amodzi osungira ma CA okhulupiriridwa. Makina aliwonse ali ndi nkhokwe yake, ndipo mapulogalamu ena amanyamula yawoyawo. Fayilo yogawira anzanu ndi ca.crt yokha. Muwatumizirenso fingerprint yake, nambala yaitali yozindikiritsa satifiketiyo, pa njira ina, kuti atsimikize kuti chimene akuika ndi chochokera kwa inu:

```
openssl x509 -in ca.crt -noout -fingerprint -sha256
```

Pa Ubuntu ndi Debian, koperani fayiloyo mu /usr/local/share/ca-certificates/, dzina lithere ndi .crt apo ayi siiwerengedwa, kenako sudo update-ca-certificates. Pa Fedora ndi Red Hat malo ake ndi /etc/pki/ca-trust/source/anchors/ ndipo command ndi update-ca-trust. Pa Windows, mutatsegula ngati administrator, lembani certutil -addstore Root ca.crt. Pa macOS iikeni mu Keychain Access, muitsegule, n'kusankha Always Trust. Kungoiika kokha sikukwanira.

Mukatero curl ndi wget zikhala chete, koma pa Ubuntu Chrome ndi Firefox zipitirizabe kudandaula, chifukwa siziwerenga nkhokwe imene mwangodzazayo. Iliyonse muiikire payokha kudzera mu Settings, gawo la masatifiketi. Mu Firefox ndi pa Authorities, Import, ndipo muchonge kabokosi kokhulupirira CA pozindikiritsa mawebusaiti. Mukaiwala kabokosiko mudzaona SEC_ERROR_UNKNOWN_ISSUER ngakhale CA ikuoneka pa mndandanda. Pa Windows ndi macOS, Firefox kuyambira version 120 imatengako yokha ku nkhokwe ya makina.

Mafoni, amene mwati akukaniratu, ali ndi nkhani yawoyawo. Pa iPhone masitepe ndi awiri ndipo ambiri amalekera pa loyamba. Mumatsitsa fayilo n'kuika profile, kenako mupite ku Settings, General, About, pansi penipeni pa Certificate Trust Settings, n'kuyatsa batani la CA yanu. Pa Android, kuyambira version 11 muyenera kuiika nokha kudzera mu Settings, m'gawo la chitetezo. Mukatero Chrome ya pa foniyo idzatsegula tsamba bwinobwino, koma app yanu idzakanabe, ndipo si kuti mwalakwitsa. Kuyambira Android 7 mu 2016, ma app sakhulupirira ma CA oikidwa ndi mwini foni pokhapokha wolemba app atanena. Amanenera mu fayilo ya network security config, ndipo malo oyenera ndi gawo la debug-overrides, limene limagwira ntchito pa app yoyesera yokha, osapita nawo kwa anthu akunja.

Kenako pali mapulogalamu a inu omwe. Java ili ndi nkhokwe yake ya cacerts, mumaikamo ndi keytool. Node.js imafuna muiuze ndi NODE_EXTRA_CA_CERTS. Laibulale ya requests ya Python imayenda ndi mndandanda wake wa certifi, mumailozera kwina ndi REQUESTS_CA_BUNDLE. Container iliyonse ya Docker ndi kanyumba kapadera, sikadziwa zimene mwaika pa makina okanyamula.

Pofika apa munthu amakhala atatopa, ndipo mayesero amabwera: curl -k, verify=False, NODE_TLS_REJECT_UNAUTHORIZED=0. Chenjezo limazima, ntchito n'kupitirira. Chonde, pewani zimenezi m'code imene mumasunga. Mzere umene wina waika "kwa lero lokha" umakhalitsa, umasamuka pamodzi ndi code kupita pa seva yeniyeni, ndipo pulogalamu imayamba kulandira satifiketi ya wina aliyense popanda amene akudziwa. Kwa ine phindu lalikulu la CA yoyesera ndi lomweli, kuposa kuzimitsa chenjezo lofiira: code yanu imayesedwa ikufufuza masatifiketi monga idzachitire kunja.

Mukapeza vuto losamveka, yang'anani wotchi. Ndinatayapo masana onse ndikufufuza chifukwa chake mayeso odziyendera okha ankafa ndi uthenga wongoti handshake failed, pamene browser yanga inkatsegula tsamba lomwelo. Ndinasainanso satifiketi kawiri, ndinawerenga SAN chilembo ndi chilembo, zonse zili m'malo. Dzuwa likulowa ndinalemba date pa makina oyendetsa mayesowo. Anali virtual machine imene inadzutsidwa kuchokera pa snapshot (chithunzi chosungidwa cha mmene inalili kale), wotchi yake ili m'mbuyo ndi masiku atatu. Kwa iyo, satifiketi yosainidwa m'mawa womwewo inali isanabadwe. Ndipo kusainanso kwangako kunkangoipitsa zinthu, poti satifiketi yatsopano iliyonse inkayambira kutsogolo kwambiri.

Fayilo ya ca.srl imene yabadwa pa nthawi yosaina musaifufute. Imasunga nambala ya satifiketi yomaliza kuti manambala asabwerezedwe. Firefox ikaona masatifiketi awiri osiyana okhala ndi wosaina mmodzi ndi nambala imodzi imakana ndi SEC_ERROR_REUSED_ISSUER_AND_SERIAL. Mukadzafuna kupanganso CA, ipatseni dzina lina, ndi chifukwa chake yathuyi ndaitcha Yoyamba. Ma CA awiri a dzina limodzi koma makiyi osiyana m'nkhokwe imodzi amabala zolakwika zozunguza mutu.

Mungafunse za kuletsa satifiketi isanathe masiku. Njira imene ndakuonetsaniyi ilibe kaundula wa zimene yasaina. Wofuna zimenezo amagwiritsa ntchito command ya openssl ca, yokhala ndi fayilo ya index.txt, n'kumatulutsa CRL, mndandanda wa masatifiketi oletsedwa, n'kuisindikiza pamalo pamene makina onse angaipeze. Pa seva imodzi yoyesera sindingakulimbikitseni, ntchito yake ndi yaikulu kuposa phindu. Kiyi wa seva akatuluka, pangani wina, sainani satifiketi ina, ndipo ngati zikukudetsani nkhawa muzisainira masiku 90 m'malo mwa 365. Kiyi wa CA akatuluka palibe CRL yokupulumutsani. Njira ndi imodzi, kuichotsa CA pa makina onse n'kuyambiranso. Ma seva akadzachuluka mpaka kusaina ndi manja kukutopetsani, yang'anani step-ca ya Smallstep, imene imalankhula ACME, njira imene makina amapempheramo masatifiketi okha, ngati Let's Encrypt, masatifiketi n'kumadzikonzanso okha. Imeneyo ndiye CA yoyendadi usana ndi usiku, ndipo nayonso imafuna makina akeake, osati kugona limodzi ndi webusaiti.

Lembani penapake makina onse amene mwaikamo CA, kuphatikizapo mafoni a eni ake, chifukwa tsiku lochotsa simudzakumbukira. Pa Ubuntu mumafufuta fayilo ija mu /usr/local/share/ca-certificates/ n'kulemba sudo update-ca-certificates --fresh. Pa Windows ndi certutil -delstore Root kutsatira dzina la CA. Pa iPhone mumachotsa profile mu Settings, General, VPN & Device Management. Mu Firefox ndi Chrome za pa Ubuntu mubwerere momwe munalowera muja, poti kufufuta pa makina sikuzikhudza. Mnzanu akamachoka pa gulu ndi foni yake, zimenezi muchitire limodzi asanatuluke pakhomo.